Njole ya Aphunzitsi mu Mono wa Amalume

Kuseri kwa khitchini ya amayi kuli fosholo yopanda mpini. Inadyeka kukamwa mpaka kutsala theka, ndipo masiku ano amayi amawolera phulusa. Mlendo sangaiyang'ane kawiri. Koma ine ndikaiona ndimayamba kuseka ndekha, chifukwa fosholo imeneyo, pamodzi ndi makasu khumi ndi limodzi, inakumba mchenga milungu itatu m'dzuwa la Okutobala, ndipo amene anayambitsa ntchitoyo ndi ine, kamtsikana ka zaka khumi ndi chimodzi, ka sitandade 5. Panopa ndalemba mayeso a folomu 4, ndikudikira zotsatira, ndipo amayi akuti ndakula, nkhani imeneyi ndizichita nayo manyazi. Ndayesa ndithu. Manyaziwo sakubwera.

Kwathu ndi kufupi ndi Chiromo. Kumunsi kwa mudzi kuli thamanda, dziwe lalikulu limene linkamwa madzi a mtsinje kudzera m'khwawa limodzi lopapatiza. Mvula ikagwa kumapiri, mtsinje unkakwera pang'onopang'ono, madzi n'kulowa m'khwawamo, nsomba n'kulowa nawo. Pamene khwawalo limathira m'thamanda ndi pamene amalume, mlongo wawo wa amayi, anali ndi biyo lawo. Biyo ndi mpanda wa bango wodula madzi pakati, wokhala ndi mipata, ndipo pampata uliwonse amatcherapo mono. Nsomba ikafuna kudutsa imalondola mpandawo mpaka kudzilowetsa yokha. Malowo amalume anawalandira kwa amalume awo, ndipo m'mudzi monse munalibe wina woyerekeza kukhomapo chikhomo.

Amati kale pabiyo limenelo pankagwidwa njole zodzaza madengu. Njole ndi nsomba ya mamba owala, ya milomo yokhuthala ngati munthu wonyanyala, ndipo imakonda madzi oyenda. Ine ndinangozipeza chakumapeto. Ndimakumbukira fungo lake zikuwambidwa pawaya, mafuta akudontha pamoto n'kumati tswii, amphaka a mudzi wonse atakhala mozungulira ngati ali pamsonkhano.

Kenaka kunabwera madzi aakulu aja, amene anatigoneka m'makalasi mwezi wathunthu. Atapita, tinapeza mtsinje utasuntha. Unakakumba njira ina cha uko, ndipo pakamwa pa khwawa lathu unasiya mulu wa mchenga wotalika kuposa munthu woimirira. Zaka ziwiri zotsatira mvula inangonunkhiza. Thamanda linayamba kubwerera m'mbuyo, kusiya matope osweka ngati mapale. Madzi otsalawo anasanduka obiriwira, ndipo masana ankafunda ngati osambitsira khanda. Njole ndi zimene zinayamba kusowa. Makakana anatsatira: anayamba achepa ngati chikhatho changa, kenaka zii. Inatsala milamba, poti mlamba ndi wosamva, umapuma ngakhale m'phala.

Sizinali nsomba zokha. Nkhwazi ziwiri zimene zinkalira pamgwalangwa wa kuseri kwa tchalitchi zinachoka osatsanzika. Mvuu zinasiya thamanda n'kukakhala kumtsinje, pafupi penipeni ndi madimba, ndipo chimanga cha amayi zinkachidya ngati zinathandiza kupalira. Ng'ona zinayamba kuoneka pamene amayi ankachapira kuyambira ali mtsikana. Apusi anatsika kuchokera kumtunda kudzalimbirana nafe masawu. Chilichonse chamoyo chinali pa msamuko, kupatula amalume.

Akazi awo anali atapita kale kwawo ku Ngabu ndi ana awiri. Kumeneko alamu awo anali ndi njinga ziwiri za kabaza, ndipo imodzi ankawasungira. Amayi sankawapatsa mpata. Amalume akabwera madzulo ndi timilamba titatu pakachingwe, amayi ankatiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, tinthu tonga zala timeneti tidyetsa ndani? Njinga ikukudikirani, ana akukudikirani." Amalume ankayankha kuti mwezi ukatha apita. Anatero miyezi ingapo. Koma mwezi umenewo zinaoneka kuti n'zoona, chifukwa mwadiya wawo, bwato lija ankalisamala kuposa nsapato za tchalitchi, anali ataupereka kwa mnzawo.

Ine nkhaniyi inkandiwawa pa chifukwa changachanga. Amalume anali munthu wokoma kumupusitsa kuposa wina aliyense. Ndinawaikirapo chule m'chipewa. Ndinawamangirirapo njoka yakufa kumbuyo kwa malaya, iwo n'kuthamanga nayo mpaka pachitsime. Akadzidzimuka ankakuwa ndi mawu aang'ono ngati a mtsikana, "Mayo ine!" kenaka n'kuseka mpaka kukhala pansi. Amayi ukawapusitsa ankangotenga chikwapu, nkhani n'kuthera pomwepo. Tsono musandiyese mwana wachifundo amene ankafuna kupulumutsa amalume ake. Ena ndikawafotokozera amafuna kuti nkhaniyi ikhale yotero. Ayi. Ine ndinkangofuna kumvanso "Mayo ine!" kamodzi asanapite.

Aphunzitsi athu anali a mpingo wopemphera Loweruka, ndipo nsomba yopanda mamba sankaikhudza. Taganizani munthu wotero atatumizidwa kudzaphunzitsa m'mudzi umene ndiwo yake yatsala milamba yokhayokha. Ankadya nyemba ndi therere mpaka kolala ya shati inayamba kuwakulira. Ndiye tsiku lina Lachitatu, nthawi ya buleki, pasukulu panaima wamalonda wa njinga, dengu lake litavindikiridwa ndi masaka onyowa. Ankachokera kutsidya, mbali ya ku Mozambique, kumene ankati njole zinathawira. Aphunzitsi anasuzumira m'dengumo, nkhope yawo n'kuwala. Anasankha njole imodzi yaikulu, yotalika kuchokera pachala changa mpaka paphewa. Belu litalira anathamangira m'kalasi, kusiya wamalonda akuikulunga m'nyuzipepala.

"Iwe wothamanga iwe," anandiitana. "Kapereke kwa amayi kunyumba kwanga. Osaima panjira."

Nyumba za aphunzitsi zinali zitagwa ndi madzi aja, choncho ankakhala m'mudzi, ndipo njira yopita kumeneko inkadutsa m'mbali mwa thamanda. Ine sindinachoke pasukulu ndi maganizo oipa. Maganizowo ndinawapeza panjira, atakhala pabiyo la amalume akundidikira.

Ndinapinda diresi, ndinalowa. Matope a m'mphepete ankawotcha, koma ndikamira mpaka m'mawondo pansi pake pankazizira. Mono woyamba unali wopanda kanthu. Wachiwiri unali ndi mlamba umodzi, wakuda bii, wa msinkhu ndithu. Ndinamasula luzi la kumbuyo kwa mono, ndinaugwira kuseri kwa minga monga anandiphunzitsira amalume omwewo, ndinaumenyetsa mutu pachikhomo. Njole ija ndinailowetsa m'malo mwake, ndinamanga luzi mfundo yomwe ija. Mlambawo ndinaukulunga m'nyuzipepala ya njole, bwinobwino, ngati mphatso ya paukwati.

Akazi a aphunzitsi ndinawapatsa nditagwada, ndi manja awiri. Ndinali nditafika pamtengo wa bwemba pamene ndinamva kukuwa kumbuyo: "Chinthu chandevu ichi m'nyumba mwanga!" Mpaka lero ndikakhala ndi tsiku loipa ndimakumbukira mawu amenewo, mtima n'kukhala m'malo.

Amalume ankawonjola miono kawiri, m'mamawa ndi chakumadzulo dzuwa likapepa. Titaweruka ndinakabisala m'mabango, udzudzu ukundidya, ndikudziluma mlomo kuti ndisaseke msanga. Ndondomeko yanga inali yosavuta. Iwo akuwa, athamangira kumudzi, ine ndituluka n'kunena kuti ndi ya aphunzitsi, tiseka, basi.

Anafika. Mono woyamba anaukutumula, zii. Wachiwiri anaunyamula n'kuima. Sanakuwe. Anamasula luzi, anatulutsa nsomba ija, anaima nayo m'madzi nthawi yaitali, osagwedezeka, mpaka ndinayamba kuganiza kuti mwendo wawakanirira m'thope. Kenaka anawerama n'kuyamba kuitsuka, pang'onopang'ono, ndi chala chachikulu, kuyambira kumutu mpaka kumchira. Sanaibowole pakamwa kuti aikoleke pachingwe ngati milamba. Anainyamula pamanja awiri n'kuuyamba wa kumudzi. Miono iwiri yotsalayo sanaiyang'ane n'komwe.

Apa nthawi yanga yotulukira inali itadutsa. Munthu wodziwa kupusitsa amadziwa kuti ukaphonya mphindi yake, dikira, mwina chikubwera n'chachikulu. Ndinawatsatira chapatali.

Pakati pa mudzi pali mtengo wa masawu umene asodzi ankakhalapo. Kale ankasokerapo maukonde. Nthawi imeneyo ankangosewera bawo ndi kukangana za mpira wa pawailesi. Amalume atafika, bawo linaima. Anapereka nsomba ija kwa wamkulu wa onse, nkhalamba ina yoyankhula Chisena chokhachokha. Iyo inaitembenuza uku ndi uku, inainunkhiza, inati, "Pyadidi," kutanthauza kuti zabwino, n'kupatsira wina. Inayenda choncho dzanja ndi dzanja, amuna khumi ndi mmodzi, aliyense kuigwira, kuitembenuza, kupatsira mnzake. Panalibe woseka. Mmodzi anangoti, "Ndi njole," ngati pali amene watsutsa.

"Njole siigwa ndi mvula," anatero amalume. "Ngati yafika pabiyo, ndiye kuti yadzera penapake. Madzi akuyenda pansi pa udzu uja, njira siinafe yonse. Tikatsegula pakamwa pa khwawa mvula isanagwe, madzi oyamba alowa nazo."

Nkhalamba ija inagwedeza mutu movomereza. Wina anati ali ndi khasu latsopano. Wina anati fosholo akabwereka kwa apongozi ake. Ine kuseri kwa mtengo ndinali nditadzitseka pakamwa ndi manja onse awiri, misozi ikutsika.

Madzulo amenewo amayi anaiphika ndi tomato ndi mchere basi. Ankaiphika atakwinya nkhope, chifukwa ankadziwa kuti nkhani ya mwezi ukatha yafera mumphikamo. "Nsomba imodzi, achimwene," anatero. Amalume anayankha kuti, "Imodziyo yadzera penapake." Ine anandipatsa nthuli ya pamimba, yamafuta. Ndadyapo nsomba zambiri kuchokera pamenepo, koma yokoma ngati njole ya aphunzitsi sindinaipeze.

M'mawa mwake aphunzitsi anandiimika kutsogolo kwa kalasi. Ndinawayang'ana m'maso n'kunena kuti ndinangonyamula zimene anandipatsa wamalonda. Popeza sanaone pokulunga, mlandu unagwera wanjinga uja. Atabweranso Lachisanu panali phokoso loti makalasi onse anasuzumira pawindo, iye akulumbira kuti mlamba sanayambe wanyamulapo, aphunzitsi akumuuza kuti asadzapondenso pasukulu. Ameneyo ndimupepese? Munthu woti ankaika nsomba zadzulo pansi, zalero pamwamba? Tinangobwezerana.

Koma nkhani ya njole ya pabiyo inawapeza aphunzitsi tsiku lomwelo. Tikulemba masamu anaima pafupi ndi desiki yanga n'kunena, ngati akuyankhula ndi denga, "Zodabwitsa dziko lino. Njole imodzi yasowa pasukulu, ina yapezeka m'thamanda." Ine ndinali kalikiliki ndi samu yogawa, sindinayambe ndaikondapo choncho. Sabata yonseyo anandipatsa ntchito yothirira mitengo ya pasukulu popanda kunena cholakwa. Sanauze amayi, sanauze amalume. Lamulungu lotsatira ndinawaona akutsetsereka kupita kukhwawa, thalauzi atapinda, khasu lili paphewa.

Amene sanakhalepo kuchigwa kuno mu Okutobala sangamve. Pofika naini koloko mchenga umawotcha moti nkhuku zimayenda modumpha. Amuna aja ankayamba kukumba kukangocha, mapazi atakulunga ndi zidutswa za masaka, n'kulekeza dzuwa likafika pamutu, n'kudzabwereranso likapepa. Fosholo inali imodzi yokha, ndipo ankaigwira amalume. Mchenga wouma ndi chinthu chachipongwe: ukauponya pamwamba, theka limatsetsereka kubwerera pamapazi ako. Anadula bango n'kukhoma m'mbali kuti ugwire. M'mchengamo munkatuluka zinthu zimene madzi aakulu anakwirira, lata lopindika, mphika wopanda khutu, nsapato imodzi ya mwana, chitseko chathunthu chimene mwini wake sanapezeke. Tsiku lina khasu linatema chibuma cha dothi, mkati mwake muli dowe, nsomba ija imagona m'matope ouma kudikira madzi, itadzipinda ngati nkhata, yamoyo. Anaiotcha pomwepo n'kugawana.

Ine amayi ankandituma kukapereka madzi akumwa ndi thobwa, ndipo sindinayambe ndavomera ntchito mwachangu chotero. Ndinkakhala pamwamba pa mulu wa mchenga, miyendo lendelende, ndikuyang'ana misana khumi ndi iwiri ikunyezimira thukuta chifukwa cha ine. Nthawi zina ndinkafunsa mwaulemu, "Amalume, njira ya njole ija mwaipeza?" Iwo ankati, "Tatsala pang'ono, iwe. Bwera nacho chikhocho." Ankaimba nyimbo zopalasira bwato ali pamchenga. Ankanyozana, uyu kuti amakumba ngati akukanda mphere, uyo kuti khasu lake likuopa dothi. Nkhalamba ija sinkakumba, inkangokhala pamthunzi n'kumalamula, ndipo aliyense ankaimvera mosangalala. Bawo pansi pa masawu linadzaza fumbi.

Sabata yachiwiri kunabwera uthenga wochokera ku Ngabu. Alamu aja anati njinga singamangokhala, pali mnyamata wina akuifuna. Amalume akapanda kufika mwezi usanathe, aipereka. Amayi anapita okha kukhwawa, chitenje atamanga m'chiuno, n'kukaima pamwamba pa dzenje. Sanakuwe. Anangoti, "Achimwene, tulukanimo." Amalume anapukuta nkhope ndi mkono n'kunena kuti sangasiye anzawo pakati pa ntchito imene anaiyambitsa okha, apita mvula ikagwa. Mwezi unatha. Njinga inaperekedwa. Akazi awo anatumiza mawu ena amene amayi anakana kuwabwereza ine ndili pomwepo.

Apa ndi pamene omvera amayembekezera kuti ndinene kuti mtima unandigunda, ndinafuna kuulula. Kunena zoona, kanthu kena kanandilasa pang'ono, ngati kamunga ka nsomba pakhosi. Ndinameza kanapita. Mwana wa zaka khumi ndi chimodzi sadziwa kuti njinga imodzi ndi chakudya cha anthu anayi. Chimene ndinkadziwa ine n'chakuti palibe mnyamata aliyense pasukulu pathu amene anapusitsapo mudzi wathunthu, ndipo ine, mtsikana, ndinali nditatero ndi nsomba imodzi yosagula.

Kumapeto kwa sabata yachitatu anaboola. Ngalande inatuluka mpaka kumtsinje, yoongoka, yakuya mpaka pachifuwa cha munthu. Njira ya madzi ya pansi pa udzu ija sanaipeze, ndipo panalibe amene anaitchulanso. Mtsinje unali pansi kwambiri, madzi ake osafika ngakhale pakamwa pa ngalandeyo. Tsono kunatsala kudikira. Amalume analuka miono inayi yatsopano, anakonza biyo, anamanganso mpanda wonse ndi bango laliwisi. Novembala anadutsa kumwamba kuli mbee. Mapira amene ena anabzala ndi kamvula koyamba anapsa ali m'nthaka. Disembala anafika pakati.

Kenaka kumapiri kunada masiku atatu, ndipo mtsinje unabwera tsiku limodzi, m'mawa, wofiira, ukukokoma. Unalowa m'ngalande muja ngati ukuidziwa. Mudzi wonse unathamanga m'mbali mwake kutsatira mutu wa madzi, amayi akululuta, ana tikukuwa, agalu akuuwa. Ngakhale amayi anga analulutako kamodzi, kenaka n'kuyang'ana uku ndi uku ngati wina wawaona. Amalume anali kale pabiyo, madzi ali m'chiuno, akugwiriza zikhomo.

Tsiku loyamba madzi anabweretsa zinyalala, mitengo ya nthochi ndi mbuzi yakufa. Tsiku lachiwiri m'mbali mwa ngalande munayamba kugumuka, bango lija likuzuka limodzilimodzi. Tsiku lachitatu mtsinje unatsika msanga monga unakwerera. Akuluakulu amati kale madzi ankakwera mwaulemu n'kukhala miyezi, nsomba n'kupeza nthawi yolowa, yoswana, yokula. Awa anabwera ngati munthu wodzapala moto. Atapita, ngalande ija inali itadzaza mchenga watsopano, wosalala, woti ukhoza kuyalapo mphasa.

M'miono munapezeka milamba, yambiri ndithu kwa sabata imodzi. Njole ngakhale imodzi. Chimene chinalowa n'kukhazikika ndi ng'ona, yaikulu, imene inapeza thamanda lathu lili phee n'kulikonda. Inayamba ndi galu wa nkhalamba ija. Kuyambira pamenepo ana tinaletsedwa kusamba kumeneko, ndipo amayi otunga madzi anasamukira kumjigo wa kusukulu. Ng'ona imeneyo anzanga sadziwa kuti inabwera ndi ine.

Ku sekondale tinadzaphunzira zonsezi, mutu wake kusintha kwa nyengo. Tinalemba manotsi: madzi akafunda, akachepa, kapena akasintha nthawi yobwerera, zamoyo zimasamukira kumene zingathe kukhala. Funso limenelo linabwera pamayeso ndipo ndinalilemba mpaka pepala kutha. Koma aphunzitsi a sitandade 5 aja anali atanena kale mwachidule, tsiku lina akuyang'ana pawindo: "Nsomba sizinathe, ana inu. Zili kwina. Kungoti sizikubwerera kuno." Iwonso chaka chotsatira anapempha kusamutsidwa.

Amalume ananyamuka mu Januwale. Njinga kunalibenso, alamu anati mwina akapeza ganyu yonyamula katundu pamsika. Popita ku Ngabu kuchokera kwathu umayamba wawoloka mtsinje pabwato, ndiye amayi anandituma kuti ndiwanyamulire chikwama mpaka padoko. Iwo anakana kuperekeza, anati ali ndi zochapa. Miono yatsopano ija amalume anaisiya itapachikidwa pakhonde pathu, pamodzi ndi fosholo ija, imene mwini wake sanadzaitengenso.

Panjira ndinkangoganiza za njole ija. Chinsinsi ndinali nditachisunga miyezi itatu, ndipo kupusitsa munthu kumene mwini wake sakudziwa kuli ngati ndiwo yopanda mchere. Ndinkafuna malipiro anga, "Mayo ine!" uja. Padoko, anthu akukweza njinga ndi matumba m'bwato, ndinawakoka malaya.

"Amalume, ndikuuzeni kanthu? Njole ija ndinaika ndine. Inali ya aphunzitsi."

Ndinabwerera m'mbuyo pang'ono, kukonzekera kuthawa kapena kuseka. Iwo anatenga chikwama m'manja mwanga n'kuchikoleka paphewa.

"Ndimadziwa," anatero.

"Bodza!"

"Njole yolowa yokha mu mono sikhala ndi mzere wa ukonde pakhosi, iwe. Ijayo inali nawo wozungulira, mamba atasupuka. Ndinauona ndisanaitulutse n'komwe."

"Nanga anzanu aja?"

"Aja ndi asodzi. Si ana asukulu."

Mwini bwato anakuwa kuti wotsala atsale. Amalume anandigwira pamutu, anati ndiziwamvera amayi, analowa m'madzi mpaka m'mawondo n'kukwera. Anakhala chakumbuyo, atayang'ana kutsidya.

Ndinabwerera kunyumba nditakwiya koopsa, ndikumenya miyala ndi phazi njira yonse. Ndinkaona kuti andibera. Masewera anali anga, ndinawayambitsa ndekha, ndinathirira mitengo sabata yathunthu chifukwa cha iwo, ndiye kupezeka kuti wopusitsidwa panalibe? Amayi atandifunsa chimene ndatupira, ndinawauza kuti akuluakulu a m'mudzi muno sadziwa kusewera. Pamenepo ndi pamene nzeru zanga zinalekezera. Mutu wanga sunkatha kunyamula zoti amuna onse aja, pansi pa masawu, aliyense anaigwira nsomba ija, anaitembenuza, chala chake chinadutsa pamzere wa ukonde, n'kupatsira mnzake osanena kanthu, ndipo kutacha aliyense anadzuka msanga kupita kukakumba.